Kuthamanga Sikufika, Ngakhale Ukhale ndi Mahatchi 52

Amene anapeka mwambi woti kuthamanga sikufika sanaonepo injini. Liwiro lalikulu limene ankalidziwa linali la munthu wothawa njati kapena la mnyamata amene wapezeka m'munda mwa eni ake nzimbe ili kukamwa. Komabe mwambi wawowo unakagwira ntchito kutali kwambiri, ku America ndi ku Ulaya, pakati pa anthu ophunzira amene sanaumvepo n'kamodzi komwe. Akanaumva, ena mwa iwo sakanamwa madzi a mumtsinje wa Potomac.

Tiyambe tamvana za mahatchi. James Watt wa ku Scotland, pogulitsa injini zake zoyendera nthunzi m'zaka za m'ma 1700, ankakumana ndi anthu amene ntchito zawo zonse zinkagwiridwa ndi mahatchi. Funso lawo linali limodzi: chitsulo chakochi chingalowe m'malo mwa mahatchi angati? Iye anawerengera, n'kukhazikitsa muyezo, ndipo mpaka lero mphamvu ya injini timaiyeza ndi mahatchi, ngakhale ife amene hatchi timangoiona pa chithunzi. Vuto linabwera pamene anthu anayamba kukhulupirira kuti wa mahatchi ambiri ndiye woyamba kufika.

Mmodzi mwa okhulupirira anali Samuel Langley. Mkuluyu sanali munthu wamba: anali katswiri wa zakuthambo komanso mtsogoleri wa Smithsonian Institution ku Washington. Mu 1896 timandege take topanda munthu tinauluka bwino ndithu, ndipo pambuyo pake unduna wa zankhondo wa dziko la America unamupatsa madola 50,000 kuti apange ndege yonyamula munthu. Womuthandiza wake, Charles Manly, anakonza injini ya mahatchi 52, yopepuka modabwitsa, yoti pa nthawiyo inalibe inzake. Anaika ndegeyo padenga la boti lalikulu pamtsinje wa Potomac, pa makina oti aiponye mumlengalenga. Pa 7 Okutobala 1903 anaiponya, Manly ali momwemo. Inangoti phava m'madzi. Anaivuula, anaikonza, ndipo pa 8 Disembala anaiponyanso. Ulendo uno inathyoka isanapite kulikonse, Manly n'kukavuulidwa m'madzi ozizira kwadzaoneni. Pakati pa kugwa koyamba ndi kwachiwiri, nyuzipepala ya New York Times inali italemba kale kuti ndege yeniyeni mwina idzatheka pakatha zaka miliyoni imodzi kapena mamiliyoni khumi. Atolankhani nawonso amathamanga.

Patangotha masiku 9 chigwereni Manly kachiwiri, pa 17 Disembala, anyamata awiri apachibale okonza ndi kugulitsa njinga ku Dayton, Wilbur ndi Orville Wright, anaulutsa ndege yawo pamchenga wa pafupi ndi Kitty Hawk. Injini yawo anawapangira ndi makaniko wa mushopu yawo yomweyo, Charlie Taylor, m'milungu pafupifupi 6, ndipo inali ya mahatchi 12 okha. Zopalasira mphepo zinkazunguliridwa ndi matcheni, nzeru ya kunjinga. Ndalama zonse zimene anawononga sizinakwane madola 1,000. Ulendo woyamba unatenga masekondi 12, mtunda wa mamita pafupifupi 37, woti mwana wopita kukagula mchere sangautchule kuti ulendo. Wachinayi tsiku lomwelo unatenga masekondi 59, mamita 260. Koma ananyamuka, anawongolera, anatera, woyendetsa n'kutsika zovala zili zouma.

Kusiyana kwake sikunali pa injini, chifukwa pamenepo Langley anawasiya kutali. Iye ankaganiza kuti ukakhala ndi mphamvu zokwanira, china chilichonse chiuluka. Anzathu a njingawo ankadziwa zimene aliyense wophunzira kupalasa amadziwa, kuti chovuta si kupondaponda ayi koma kusagwa ndi kukhota. N'chifukwa chake anatha zaka zitatu akuuluka ndi mapiko opanda injini, akugwa pamchenga pofewa, ndipo mu 1901 anapanga bokosi lopemereramo mphepo momwe anayesera timapiko ta maonekedwe osiyanasiyana pafupifupi 200. Injini anaiganizira pomaliza, ataphunzira kale kuwongolera.

Apa ndikunong'onezeni kanthu. Njinga yamoto ya kabaza imene mumakwera popita kumsika ili ndi mphamvu zofanana ndithu ndi za ndege yoyambayo, mahatchi 10 kapena kupitirira pang'ono. Chonde musakawauze anyamata a kabaza zimenezi. Ena mwa iwo akuyesa kale kuuluka opanda mapiko.

A magalimoto nawo sanafune kutsalira. Chaka chomwecho cha 1903, pa 24 Meyi, kunayambika mpikisano wochokera ku Paris kupita ku Madrid, mtunda wa makilomita oposa 1,300. Magalimoto ndi njinga zamoto zopitirira 200 zinanyamuka ku Versailles kusanache. Opanga magalimoto masiku amenewo anali atapeza njira yachidule yopambanira: injini ikule, china chilichonse chichepe. Ankaboola ngakhale zitsulo za thupi la galimoto kuti ipepuke. Mabuleki anali ongoyerekeza, msewu unali wafumbi, ndipo anthu oonerera, amene liwiro lotere anali asanalionepo, ankaima pakati pa msewu kuti aone bwino. Fernand Gabriel, pa galimoto ya Mors ya mahatchi 70, anafika ku Bordeaux, mtunda wa makilomita pafupifupi 550, m'maola 5 ndi mphindi zochepa, kutanthauza makilomita 105 pa ola. Koma kumbuyo kwake msewu unali wa maliro. Anafa oyendetsa, amakaniko ndi oonerera, ndipo Marcel Renault, mmodzi mwa abale amene anayambitsa kampani ya Renault, anavulala n'kumwalira patapita masiku awiri. Pamenepa palibe choseketsa. Choseketsa chinabwera pambuyo: boma la France linaletsa mpikisanowo pomwepo, silinalole n'komwe kuti injini zilizidwenso, ndipo magalimoto aja a mahatchi 70 anakokedwa kupita kusiteshoni ya sitima ndi mahatchi enieni, amiyendo inayi ndi mchira. Mpikisano wa ku Madrid unatha popanda wopikisana amene anaiona Madrid.

Tsono pali anthu amene mwambiwu anausandutsa chitupa cha ulesi. Msonkhano wa 9 koloko amafika 11 koloko, n'kukhala pansi mwaulemu wonse, amvekere, kuthamanga sikufika. Amenewa ayenera kumva nkhani ya Hubert Latham.

Mu 1909 nyuzipepala ya Daily Mail inalonjeza mapaundi 1,000 kwa munthu woyamba kuwoloka pandege nyanja yolekanitsa France ndi England. Latham ndiye ankayembekezeka kupambana. Anali mnyamata wachuma, wooneka bwino, ndipo ndege yake ya Antoinette inali ndi injini ya mahatchi 50. Pa 19 Julayi ananyamuka, koma ali pakati pa madzi injini inazima, ndege n'kutera panyanja. Sitima ya asilikali imene inapita kukamupulumutsa inamupeza atakhala phee pandege yoyandamayo, miyendo atakweza kuti isanyowe, akusuta ndudu. Ulemu wake timupatse: pa anthu onse amene analephera kufika, palibe analephera mwaulemerero chotere.

Mnzake wopikisana naye, Louis Blériot, anali atawononga chuma chake chambiri pa ndege zimene zinkangogwa, phazi lili ndi bala la moto, akuyendera ndodo. Kandege kake kanali ndi injini ya Anzani ya mahatchi 25, theka la ya Latham. M'bandakucha wa pa 25 Julayi mphepo inadekha. A Blériot anadzutsidwa, anakwera, ndipo dzuwa litangotuluka ananyamuka, opanda ngakhale kampasi. Patatha mphindi pafupifupi 37 anatera pafupi ndi Dover, moti anathyola miyendo ya ndege ndi chopalasira mphepo, koma anatera ku England. Nanga Latham? Anali m'tulo. Anthu ake sanamudzutse msanga, ndipo podzuka anapeza mnzake ali kale pamwamba pa nyanja, mphepo nayo itayambiranso. Anayesanso pa 27 Julayi, injini inazimanso, n'kugwera m'madzi Dover akuiona ndi maso.

Ndiye onani: tsiku lina Latham anathamanga osafika, tsiku lina anagona osafikanso. Mwambiwu sunanene kuti kugona ndiko kufika. Amene amautchula pofika mochedwa kumsonkhano akuunamizira, ndipo akuluakulu amene anaupeka akanakhalapo akanawalipiritsa nkhuku.

Nkhani ina inadutsa pakhomo pathu penipeni. Pa 4 Febuluwale 1920, asilikali awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, ananyamuka ku England pa ndege ya Vickers Vimy yotchedwa Silver Queen, kulinga ku Cape Town. Inali ndi injini ziwiri za Rolls-Royce, iliyonse ya mahatchi oposa 300. Inakaphwanyika usiku kufupi ndi malire a Egypt ndi Sudan. Anachotsa injinizo, anaziika mu ndege ina, n'kuitcha Silver Queen II. Imeneyi inadutsa ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, inatera ku Ndola ndi ku Livingstone, mpaka kufika ku Bulawayo. Kumeneko, ponyamuka italemedwa ndi mafuta, pamalo okwera pomwe mpweya ndi wopepuka ndipo injini sizikoka mokwanira, inalephera kukwera n'kuphwanyikanso. Boma la South Africa linawatumizira ndege yachitatu, yaing'ono, ya injini imodzi, yotchedwa Voortrekker, ndipo ndi imeneyo anafika ku Cape Town pa 20 Malichi. Masiku 45, ndege zitatu. Sitima yapamadzi yonyamula makalata inkayenda ulendo wa ku England mpaka ku Cape Town osakwana milungu itatu, okwera akudya katatu pa tsiku. Awiriwo anapatsidwa ulemu wa Sir, ndipo anauyenera, koma mukanatumiza kalata pa sitimayo, yankho lake likanabwera iwo asanafike.

Galimoto imene inasinthadi moyo wa anthu wamba sinali ya mpikisano. Inali Model T ya Henry Ford, ya mu 1908, ya mahatchi 20, yothamanga makilomita pafupifupi 70 pa ola. Inkalizidwa ndi handulo imene nthawi zina inkabwerera n'kuthyola dzanja la mwini wake. Thanki yake inali pansi pa mpando ndipo petulo ankangotsetsereka yekha kupita ku injini, choncho pachitunda chachikulu, mafuta akachepa, dalaivala ankaitembenuza n'kukwera chafutambuyo. Ulemu panalibe, koma pamwamba ankafika. Pofika 1927 anali atapanga zoposa 15 miliyoni.

Lero mahatchi tili nawo osaneneka. Kagalimoto kakang'ono ngati Vitz kali ndi mahatchi pafupifupi 70, kuposa injini imene Langley ankainyadira. Zikuluzikulu zimene mabwana amakwera zili ndi opitirira 200. Tsono pitani mukaime m'mbali mwa msewu waukulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre nthawi yopita kuntchito, muwerenge. Magalimoto 100 pamzere ndi mahatchi zikwizikwi, onse akulira, onse akumwa mafuta, palibe imodzi ikusuntha. Mayi wosenza dengu la tomato akuwadutsa mmodzimmodzi, ndipo sakuthamanga n'komwe. Ku Britain, lamulo la mu 1865 linkafuna kuti kutsogolo kwa galimoto yoyenda yokha kuziyenda munthu wapansi atanyamula mbendera yofiira, ndipo mutauni liwiro lisapitirire makilomita atatu pa ola. Anthu analiseka lamulolo mpaka linachotsedwa mu 1896. Ife talibwezeretsa tokha popanda nyumba ya malamulo kukhala pansi, kungoti woyenda kutsogoloyo masiku ano sanyamula mbendera, amanyamula nthochi ndi mayunitsi.

Mafuta akasowa ndiye zimaposa za ku Bordeaux. Kumene kuja magalimoto anakokedwa ndi mahatchi. Kuno mahatchi 200 amakankhidwa ndi anthu anayi, mwini wake atavula jekete, dzanja limodzi pachiwongolero, phewa pachitseko, kusendeza pang'onopang'ono kulinga pampu imene mwina ikhala itauma iye asanafike. Ndipo mafutawo akangopezeka, munthu yemweyo amatuluka pamalopo ndi liwiro la Paris kupita ku Madrid, kupitirira galimoto zitatu pakona, kuti akaime msanga pamzere wina.

Ndiye inu achimwene amene mumatiimbira hutala kumbuyo pamzere wam'mawa, tikupempheni mwaulemu: chotsani dzanja pamenepo. Kuti galimoto yanu ndi yamphamvu tamva, tavomereza, ndipo sitikutsutsa. Kutsogoloku kulibe njira. Ngati mwachedwadi, ikani galimotoyo pambali, mukhome, muitane wa kabaza. Muvale chipewa choteteza mutu, ndipo mumuuze asananyamuke kuti simukufuna kuuluka.