Makungwa a Jacaranda ndi Matenda a Shuga

WOFOTOKOZA: Shuga akakwera m'magazi kwa zaka zambiri amawononga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi. Timene timavulala kwambiri ndi ta kumbuyo kwa diso, ta mu impso, ndi timene timadyetsa minyewa ya kumapazi. Ku Capital Park, mumzinda wa Pretoria, nkhaniyi ikukambidwa pampanda.

(Chikwanje chikugogoda mtengo)

ANABANDA: APhiri! Mtengo wa eni nyumba mukuusenda bwanji? Renti mwayiiwala?

APHIRI: Mankhwala awa, aNabanda. Mapazi angawa achita dzanzi. Ku France azungu amamwa makungwa.

ANABANDA: A jacaranda?

APHIRI: Khungwa ndi khungwa, mayi.

WOFOTOKOZA: Mankhwala otchedwa Pycnogenol amapangidwa kuchokera ku makungwa a paini womera kugombe la kumwera chakumadzulo kwa France. Kafukufuku wa anthu owerengeka anasonyeza kuti angachepetseko kutupa kwa miyendo ndi kwa kumbuyo kwa diso. Umboniwo ndi wopepuka, ndipo jacaranda mulibemo.

APHIRI: Mukunyoza zitsamba inu, pamene chamwamba mumathira ndi m'phala momwe.

ANABANDA: Ine mapilitsi sindinataye. Metformin wanu ali kuti?

APHIRI: Botolo lake likuchirikiza mwendo wa tebulo. Likugwira ntchito.

WOFOTOKOZA: Metformin nayenso gwero lake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Dokotala wa ku France, Jean Sterne, anamuyesa pa odwala shuga mu 1957. Chimene chimamusiyanitsa ndi zowiritsa m'poto n'chakuti muyezo wake ndi zovuta zake zimadziwika. Mu South Africa, bungwe la SAHPRA ndilo limavomereza mankhwala.

APHIRI: Ndiye kuti zaka zonsezi ndimamwa chitsamba cha kuchipatala!

ANABANDA: Mumamwa? Mumachirikizira tebulo. Taimani kaye. Chatuluka pansi pa patapata wanuyo n'chiyani?

APHIRI: Palibe.

ANABANDA: Msomali, bambo! Mwayenda nawo kuchokera kuti?

APHIRI: Ndimadabwa kuti patapata ameneyu sakuvuka lero.

WOFOTOKOZA: Minyewa ikawonongeka, phazi silimva ululu. Kachilonda kamakula mwini wake osadziwa, ndipo magazi akamayenda movutikira sikapola msanga. Anthu ambiri odulidwa phazi chifukwa cha shuga anayamba ndi kachilonda kotere.

ANABANDA: Valani nsapato zenizeni, tikukwera takisi.

APHIRI: Nanga poto ali pamotoyo?

ANABANDA: Mudayire malaya.

WOFOTOKOZA: Timitsempha ting'onoting'ono tija timatetezedwa posunga shuga ndi BP pamlingo woyenera, kumwa mankhwala mosadumphitsa, ndi kusiya fodya. Wodwala ayenera kuyezetsa maso ndi mkodzo kamodzi pachaka, kuyang'ana mapazi tsiku lililonse, ndi kuuza adokotala chitsamba chilichonse chimene akumwa, popeza zina zikaphatikizana ndi mapilitsi zimatsitsa shuga mopitirira. Ofunika madokotala apadera a maso kapena impso amatumizidwa ndi kalata kuzipatala zazikulu monga Steve Biko Academic Hospital, chomwe chili pafupi ndi Capital Park.