Liwiro la mumchenga

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ife a ku Khombedza mwambiwu timaumvera m'miyendo. Tsikirani kunyanja masana, mnzanu akutsogolereni mapazi asanu okha, mukamupeza atagula kale usipa.

Mlamu wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi foni, jekete ndi nzeru za mahatchi. Kumeneko ankagwira ntchito m'khola la mahatchi ampikisano. Zida zake zinali fosholo ndi wilibala, koma pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa M5 ndiye katswiri.

"Alamu," amatero, "hatchi musamaione nkhope. Funsani kuti bambo ake ndani, mayi ake anapambanapo chiyani, maulendo atatu apitawa inamaliza pa nambala yanji, imakonda kapinga wouma kapena wonyowa." Mafunso onsewa sanafunseko n'limodzi lomwe pofunsira mlongo wanga.

Nkhani yake yosatha ndi Durban July, mpikisano wa ku Greyville umene unayamba mu 1897, ndipo lero amathamanga mamita 2,200. Kumeneko mwambi wathu anausandutsa lamulo. Mahatchi amawatsekera m'timakola, zitseko n'kutseguka kamodzi. Izi sizinawakwanire: hatchi yozolowera kupambana amaisenzetsa zolemera kuposa inzake kuti isathawe patali. Zili ngati amfumu alamule kuti wakabaza wamphamvu kuposa onse pa Khombedza azimangirira thumba la chimanga pakaliyala, kuopa kuti anzake angachite manyazi. Mu 2008 chilungamochi chinanyanya. Pocket Power ndi Dancer's Daughter anayambira limodzi n'kumaliziranso limodzi, ngakhale chithunzi chinalephera kuwalekanitsa.

Amene sitiyambira limodzi ndi anzathu ndife obetcha. Wophunzitsa hatchi amadziwa kuti yatsokomola usiku. Woikwera amamva m'ntchafu kuti lero yadzuka ndi ulesi. Ngakhale wafosholo uja amaona ngati ndowe zasintha. Ife liwiro timaliyamba netiweki ikabwera, anzathu ali kale kutsidya kwa mchenga.

Hatchi yotchedwa Do It Again inapambana mu 2018 ndi 2019. Pofika 2020 mlamu anati palibenso zowerengera, dzina lokhalo likulamula kuti ichitenso. Anagulitsa mbuzi n'kubetcha. Imene inapambana ndi Belgarion, ya m'khola lomwelo la wophunzitsa Justin Snaith. Mlamu anati maganizo ake anali olondola, anangophonya chitseko. Mlongo wanga anayankha kuti nayenso usiku umenewo aphonya chitseko.

Dzulo ndinamupeza mlamu atayasamitsa bulu wa pangolo yotunga madzi, akumuwerenga mano. Anamuzungulira kawiri, n'kumugwira miyendo yakumbuyo.

"Uyu ali ndi tsogolo, alamu. Kungoti mtunda wautali sungamuyenere."

Buluyo anayenda mpaka pamjigo, n'kugona pansi zigubu zili pangolo.