Ulemu kwa Kachidutswa Kobwera Filimu Itatha

Anthu osayamika amati filimu ikatha yatha. Ife amene tinaleredwa ndi Marvel timadziwa kuti magetsi akayaka mwambo ukadalipo. Ndabwera kudzatamanda kachidutswa kaja kobisala kuseri kwa maina a anthu miyandamiyanda, kamene kamatikhazika pampando ngati mkamwini wodikira kuti apongozi amalize kulankhula.

Kanatchuka mu 2008 kumapeto kwa Iron Man, pamene Samuel L. Jackson anatulukira mumdima, diso limodzi lophimba, ngati nkhoswe yobwera usiku kudzanena kuti mnyamatayu ali ndi abale. Abale akewo! Pofika 2019, Avengers: Endgame inali filimu ya 22 ya mbumba imodzi. Wotsatira mzere wonse amasangalala ngati wakumana ndi msuweni pa depoti. Koma kukaonera usanaone zam'mbuyo kuli ngati kufika pamaliro a eni: onse akulira, iwe ukunong'oneza mnzako kuti, kodi watisiyayu ndani?

Kuno ku Birmingham, kumene Oscar Deutsch anatsegula Odeon yoyamba ku Perry Barr mu 1930, kachidutswaka kandiphunzitsa kupirira kuposa mbusa aliyense. Usiku wa Endgame ndinakhala maola atatu nditamwa chikapu cha zoziziritsa kukhosi chachikulu ngati ndowa. Chikhodzodzo chinkadandaula, ine osatekeseka. Mayi wina wosesa anaima pakhomo ndi tsache ndi jumbo yakuda, akuyang'ana mbuliwuli zimene tinamwaza pansi, kenako akuyang'ana ife. Ndinawerenga maina onse, mpaka a oyendetsa malole ndi ophikira anthu chakudya. Ndi luso liti lina limene lingakuchititse kulemekeza anthu amenewa? Pamapeto pake panangomveka kulira kwa nyundo pachitsulo. Basi. Ndipo basi yeniyeni, ya ku West Bromwich, inali itapita.

Sindidandaula. Mu 2012 tinadikira kuti tione ngwazi za Marvel zikudya shawarma mwakachetechete. Mu 2017, kumapeto kwa Spider-Man: Homecoming, Captain America anatilalikira za kuleza mtima, kutiseka pamaso, ife n'kuwomba m'manja.

Ansanje anayesa kutengera. Chaka chomwecho a Universal analengeza mbumba yawo ya zilombo, Dark Universe, koma inafera pa mwana woyamba, The Mummy. Tom Cruise, amene anali m'filimuyo, anadzapezeka kuno mu 2021 akujambula Mission: Impossible ku Grand Central, pamwamba pa siteshoni ya New Street, atapasandutsa bwalo la ndege la Abu Dhabi. Ameneyo sadikira maina, amangothamanga.

Tsopano Steven Knight, mwini Peaky Blinders, ali ndi situdiyo ku Digbeth, ndipo banja la Shelby lachoka pa wailesi yakanema kulowa mufilimu. Tsiku limene Tommy Shelby adzatulukire maina atatha n'kupatsa Thor wa Marvel moni, mudzandipeza pampando wanga womwe uja. Mayi a tsache aja angondikhululukira, ayambe asesa mzere wakutsogolo.