Fainolo imangodutsa pa Ntcheu

Fainolo ikamaseweredwa ku Lilongwe, anthu a ku Ntcheu amaonera yawo m'mphepete mwa msewu wa M1, osalipira pakhomo.

Mu 2024, Blue Eagles, timu ya apolisi, inagonjetsa FCB Nyasa Big Bullets pa mapenate mu fainolo ya FDH Bank Cup pa Bingu National Stadium. Ochemerera Bullets, kapena kuti Maule, pobwerera ku Blantyre anayenera kudutsa pa Lizulu, pomwe kachewere ndi kabichi zimadikira aliyense, wosangalala ndi wolira yemwe. Amayi ogulitsa pamenepo safunsa zigoli. Minibasi ikaima vuvuzela akulira, ndowa imakwera mtengo. Ikaima zii, amaikako basera.

Chowawitsitsa chinali pa rodibuloko: woimitsa galimotoyo anali wa timu yopambana.