Mlendo ndi mame? Dikirani tsiku la keke

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatanthauza kuti munthu akakufikira pakhomo usachite tsinya. Mupatse madzi, muyalire mphasa, muphere nkhuku ngati ilipo, chifukwa mawa dzuwa likatuluka adzakhala atanyamula kathumba kake. Ndi mwambi wabwino, ndipo waphetsa nkhuku zambiri. Koma amene anaupeka ankanena za mlendo mmodzi, woyenda pansi, amene kwawo wasiya munda wofunika kupalira. Sanaonepo zimene zimachitika mtsikana wa zaka 13 akapempha phwando la tsiku lake lobadwa pakhomo pa makolo ake ku Chilomoni kapena ku Area 25.

Nkhani imayamba mwaulemu. Mwana amadikira bambo akhute, n'kukhala pansi chapafupi, mawu atawafewetsa. "Adadi, chaka chino ndikufuna kapate kakang'ono. Anzanga eyiti basi." Bambo amawerengera mumtima: ana 8, botolo limodzi la Sobo, keke, mandasi pang'ono. Amavomera, mwinanso monyadira kuti analera mwana wosafuna zambiri. Amayi, amene dzikoli amalidziwa, sayankha. Iwo ayamba kale kuwerenga mbale zawo ndi za aneba.

Kwathu kuno phwando limadziitanira lokha anthu. Fungo la chipisi likangodumpha mpanda, uthenga wafika nyumba zonse za mzere umenewo popanda kugula mayunitsi. Mnzake wa mwana sabwera yekha. Mayi ake amuuza kuti atenge mng'ono wake, mng'onoyo salola kusiya mnzake wosewera naye, ndipo gulu lonselo liperekezedwa ndi mtsikana wantchito amene walamulidwa kuti awadikire. Eyiti ija yabereka, yaonanso zidzukulu. Ndiye pali aneba. Ukawaitana abwera ndi banja lonse. Ukapanda kuwaitana abwerabe, ati kudzabwereka machesi, koma atatchena chitenje chatsopano chosachapidwapo. Kuwabweza sungathe, chifukwa mipando ya pulasitiki imene alendo akhalirayo ndi yawo.

Achibale amafika kudzera pa gulu la banja la pa WhatsApp. Amayi amangolemba kuti Loweruka mwana wathu akwanitsa zaka 13, timuike m'mapemphero. Apempha pemphero lokha. Koma azakhali a ku Ntcheu amaona kuti pemphero la pafoni silifika bwino, ndiye amabwera nalo okha. Mame enieni amagwa usiku n'kuuma m'mawa. Azakhali amagwa Lachinayi masana, nkhuku kukhwapa, kathumba ka mbatatesi za pa Lizulu pamutu, ndalama yobwererera alibe ndipo nkhani yake saiyambitsa.

Amene amavutika kwambiri kumvetsa zonsezi ndi agogo. Iwo tsiku lawo lobadwa salidziwa ndipo sanadwalepo nazo. Ukawafunsa amati anabadwa chaka cha njala, kutanthauza 1949, ndipo mkulu wawo anabadwa chaka cha Napolo wa ku Zomba, 1946. Pamene boma linkalemba anthu kuti alandire ziphaso za unzika mu 2017, tsiku ndi mwezi zinachita kupanganidwa pamzere pomwepo. Kwa iwo mdzukuluyu anabadwa chaka chimene Bingu anamwalira Amayi n'kulowa m'boma, chimanga chikuuma m'munda, ndipo zimenezo n'zokwanira. Pa nthawi yawo kukula kwa mtsikana sikunkadziwika ndi keke. Kunali chinamwali, kunali anamkungwi, kunali thobwa la mudzi wonse, ndipo palibe amene ankafunsa ngati waitanidwa. Tsono ukawauza kuti pakhomo pano paphikidwa mpunga koma odya ndi anthu 8 osankhidwa, amakuyang'ana mokayika, poganiza kuti m'tauni mwakulowetsa zina zake. Chakudya chodyera mobisa, kwawo, chili ndi dzina lake loipa.

Apa ndiye pagona vuto lonse. Mtsikana akuti tsikuli ndi lake. Akuluakulu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho tsiku la mwana ndi la aliyense amene anamunyamulapo ali wakhanda, ndipo pofika Loweruka amapezeka kuti anamunyamulapo ndi theka la Blantyre. Pabwalo limodzi pamakonzedwa maphwando awiri, lina silikudziwa za linzake.

La mwana lili ndi mtundu wake. Waona pa TikTok kuti pamafunika pinki ndi golide, mabaluni opindidwa pakhomo, ndi manambala awiri onyezimira otalika kufika m'chiuno. Chakudya akufuna pitsa ndi timakeke ting'onoting'ono. La amayi lili ndi mpunga wa Kilombero, nkhuku, kabichi ndi chidebe cha thobwa. Zokambirana zimathera kukhitchini.

"Mami, thobwa? Pa pate yanga? Mukufuna azindiseka mpaka Fomu 4?"

"Iwe, agogo ako amwa baluni?"

Ine pa nkhaniyi ndili kumbali ya amayi, ndipo umboni ulipo. Pa maphwando otere chimayamba kutha ndi thobwa. Atsikana a pinki ndi golide omwewo amazembera kuseri kwa khitchini mmodzimmodzi, kapu m'manja, foni ataisiya pampando kuti isaone.

Za ndalama tisatalikitse, chifukwa zimawawa. Bajeti imene bambo analemba kumayambiriro kwa mwezi imakhala itakalamba pofika pakati pa mwezi. Chichokereni November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, munthu sapita kumsika ndi mitengo ya sabata yatha. K5,000 ija, imene itatuluka mu 2022 tinkaipinda mwaulemu n'kuibisa m'Baibulo, lero imalowa m'golosale n'kutuluka ndi kajumbo kopepuka. Amayi amakatapa ku banki m'khonde. Zotsalazo zimagwera amalume. Kale mwini mbumba ankaitanidwa pa nkhani zikuluzikulu, za ukwati, za milandu, za malo. Lero amalandira uthenga wa mizere iwiri: "Amalume, keke ndi yanu." Pansi pake pali nambala ya Mpamba.

Kekeyo ili ndi ulendo wake. Imaphikidwa ndi mayi wina wochitira bizinesi kunyumba, amene zithunzi zake pa Facebook n'zokongola kwambiri. Kukaitenga amatuma msuweni wodalirika, ndipo msuweni wodalirikayo, pofuna kusunga chenji, amakwera nayo kabaza. Ngati ndi mwezi wa October, kirimu amayamba kutsetsereka asanafike pa siteji yachiwiri. Ikafika, dzina la mwana lili ndi chilembo chimodzi chowonjezera, ndipo duwa la pamwamba lasamukira m'mbali. Mwana amalira. Azakhali amati bola kukoma kwake. Amalume, amene alipira, amatuluka panja kukayankha foni imene sinalire.

Pa pulogalamu analemba kuti zonse ziyamba 2 koloko. Atsikana 8 aja amafikadi 2 koloko, atadzola, atanyamula timphatso tokutidwa bwino, n'kukhala mwaulemu pa sofa. Koma phwando silingayambe popanda pemphero, ndipo pemphero silingayambe popanda mkulu wa mpingo, amene ali ku maliro ndipo akuti ali m'njira. Akafika amapemphera mosaumira. Amayambira pa Adamu, kudzera kwa Estere, kupempherera mayeso a MANEB a zaka zikubwerazo, boma, mvula ndi odwala m'zipatala. Pofika pa "ameni" chipisi chazizira ndipo ana a aneba, amene anatseka diso limodzi lokha, adziwa kale pamene pali ntchafu za nkhuku.

Kenaka wina amalakwitsa n'kufunsa ngati alipo wofuna kulankhulapo mawu awiri. Mayi wachikulire aliyense akaona mtsikana wa zaka 13 atakhala pampando wapatsogolo, chinamkungwi chimamudzukira. Amaimirira mmodzi, n'kukonza chitenje. "Mwanawe, wakulatu tsopano. Anyamata ndi afisi." Wachiwiri amafotokoza mmene mwanayu ankakodzera pabedi ali ndi zaka zinayi, anzake a m'kalasi akumva, wina akujambula. Wachitatu amalangiza za kutsuka mapoto. Mwini tsiku amasowa pobisa nkhope, akumwetulira ndi mano okha.

Afisi akunenedwawo alipo awiri, ngakhale bambo analamula kuti pasapezeke mnyamata. Ndi a m'kalasi mwake, aang'ono kuposa atsikanawo, nsapato zopukutidwa, ndipo aima pafupi ndi geti kuti zikavuta athawe. Bambo amawapitira ndi nkhope ya ku polisi. "Iwe ndiwe mwana wa yani? Bambo ako amagwira kuti? Masamu unapeza zingati?" Mnyamata amene anabwera kudzadya keke amapezeka akulemba mayeso apakamwa, Fanta ikunjenjemera m'manja.

Nyimbo nazo ndi nkhondo. Sipika yobwereka ili m'manja mwa atsikana, ndipo akuika amapiano a ku South Africa. Bambo amapirira nyimbo zitatu, kenaka amapempha kuti aikeko Lucius Banda, kapena Alleluya Band ya ku Balaka, kuti ana amve nyimbo zenizeni. Mwana sadandaula ndi nyimbozo. Chimene amaopa ndi chotsatira chake, chifukwa akudziwa kuti bambo ake akamva gitala ameneyo mapewa amayamba okha. Palibe chilango chimene kholo lingapereke kwa mtsikana wa msinkhu umenewu choposa kuvina pamaso pa anzake.

Nthawi ya makandulo ikakwana, magetsi amakhala atazima kale. Amayatsa timakandulo 13, anthu n'kuimba nyimbo yachingerezi ija, aliyense ndi liwiro lake. Mwana amauzira, onse amaomba m'manja. Agogo okha saomba. Akufuna wina awafotokozere nzeru yoyatsa makandulo 13 nthawi imodzi n'kuwazimitsa dala m'nyumba mopanda magetsi, komanso chifukwa chimene mwana akuuzirira mpweya wake pa chakudya choti adye anthu onse.

Kudula keke ndi ntchito imene amayi a dziko lino sanapatsidwepo mendulo yake. Keke inaphikidwira anthu 8, pabwalo pali anthu opitirira 50, ndipo aliyense alandira. Mpeni umayenda mosamala, zidutswa zikupyapyala kufikira poti ukachikweza chimodzi umaona nkhope ya mnzako mbali inayo. Pamenepo msuweni wa kabaza uja, pofuna kufufuta mlandu wake, amadzisankha kukhala MC n'kulengeza perekaniperekani, poti ku Malawi anthu akasonkhana sipika ilipo ndalama ziyenera kuponyedwa. Ma K50 ndi ma K100 amagwa m'beseni, mwana akuvina monyinyirika. Pamapeto amayi amatenga beseni lija n'kunena mawu amene mwana aliyense wa m'dziko muno anawamvapo: "Bwera nazo ndikusungire." Za ndalamazo sizidzamvekanso.

Tsopano tiuyese mwambi uja. Ikamakwana 5 koloko, atsikana 8 oitanidwa aja amatsanzika, chifukwa kwawo anauzidwa kuti kusawadere. Amenewo ndiye mame, makolo sananame. Otsala ndi amene sanaitanidwe, ndipo dzuwa lowaumitsa kulibe. Mwambo sulola mwini nyumba kunena kuti pitani, ndiye amayesa njira zonse zovomerezeka. Amazimitsa sipika. Amayamba kusanjikiza mipando yopanda anthu. Amayasamula mokweza. Amayang'ana kumwamba kopanda mtambo n'kunena kuti ikubweratu iyi. Mlendo amavomereza kuti ikubweradi, n'kusendeza mpando wake pakhonde.

Akati "ife tizipita", usasangalale msanga. Kumeneko ndi kulengeza chabe. Pali kudikira kaphukusi ka ana otsala kunyumba, ngakhale ana onse a nyumba imeneyo ali pompano ndipo akhuta. Pali kuperekeza, kumene kumafika pageti n'kuima, chifukwa nkhani yokoma kwambiri ya tsikulo imasungidwira pageti. Nthawi zina woperekeza ndi woperekezedwa amabwerera limodzi kudzamalizitsa nkhaniyo atakhala pansi, ndipo tiyi amaikidwa pamoto.

Makolo amene anapsapo amadziwa chochita chaka chotsatira. Amavomereza kuti maphwando ndi awiri ndipo amawapatula. Atsikana amapatsidwa pabalaza, chitseko, sipika ndi maola awo atatu, keke yawo n'kudulidwa akuluakulu asanamalize kupatsana moni. Panja amatereka mphika waukulu wa mpunga ndi chidebe cha thobwa, malangizo onse n'kuperekedwa komweko kwa aliyense wofuna kumva. Keke yachiwiri, yopanda maluwa, imabisidwa kuchipinda pamwamba pa wadiropu. Bambo amaloledwa kuvina, koma kuseri kwa nyumba.

Lamlungu m'mawa nyumba imakhala ngati mwadutsa Napolo. Masipuni asowa, mbale zina n'zachilendo, ndipo mpando umodzi wa aneba wathyoka mwendo, nkhani imene idzakambidwa mpaka Khirisimasi. Mwana yekha ndiye wadzuka wosangalala. Pa foni yake waika zithunzi: atsikana 9, mabaluni, khoma loyera, keke itajambulidwa mbali yake yabwino. Anthu 50 aja palibe ndi mmodzi yemwe. Anzake akulemba kuti inali pate yapamwamba, ya anthu ochepa.

Azakhali amapempha kuona zithunzizo. Amapita nazo kutsogolo, kubwerera nazo m'mbuyo, osadzipeza, n'kufunsa ngati foniyi ili bwinobwino. Kenaka amatembenukira kwa mlamu wawo, amene akuwerenga masipuni kachitatu.

"Nanga mng'ono wakeyu, lake ndi liti?"

"Mwezi wamawa, pa 20."

"Aa, ndiye pafupi pomwepa. Kupita n'kubweranso n'kungowononga thiransipoti."