Purosesa pabwalo la mafunso

Kompyuta ikangoyatsidwa, kernel ya Linux siyamba ntchito isanapanikize purosesa ndi mafunso, ngati bwana amene wapeza waganyu pachipata: ndiwe yani, nanga umatha chiyani? Funsolo dzina lake ndi CPUID, ndipo Intel idalibweretsa mu 1993. Purosesa ya Intel imayankha kuti GenuineIntel, ya AMD imati AuthenticAMD. Aliyense akulumbira kuti ndiye weniweni, chonsecho palibe wamunena kuti ndi wabodza.

*

Mu 1994 katswiri wa masamu Thomas Nicely adagwira purosesa ya Intel yotchedwa Pentium ikulakwitsa samu yogawa. Intel idayamba yachepetsa nkhaniyo, koma anthu atalusa idavomera kusintha mapurosesawo, n'kutayapo madola 475 miliyoni. Kernel sidaiwale. Pa makina a 32-bit imapereka samu imodzi yogawa nthawi iliyonse yoyatsa, n'kulemba zotsatira m'fayilo ya /proc/cpuinfo, pamzere wa fdiv_bug. Ngakhale purosesa yobadwa mlandu utazizira kale imalemba nawo mayesowo chifukwa cha tchimo la agogo ake.

*

Mapulogalamu ena akale ankadalira kuti memory ikafika pa megabayiti imodzi, kuwerenga kuziyambiranso pachiyambi. Pofuna kuti asafe, mu 1984 a IBM adaika chotsekera pa waya wotchedwa A20. Atasowa pochilumikiza, adapeza kamwendo kongokhala pa chip choyendetsa kiyibodi. Basi, kwa zaka zambirimbiri kernel yofuna memory yonse inkayamba yakagwada kwa kiyibodi.

*

Linus Torvalds, amene adayambitsa Linux, adaphunzitsa kernel kuyeza kuti purosesa ingazungulire kangati pa sekondi ili manja lende. Muyesowo adautcha BogoMips, ndipo zidalembedwa poyera kuti suyenera poyerekeza liwiro la makompyuta. Anthu adamva? Adayamba kuonetsana manambala, aliyense kunyadira kuti yake ndiyo imafulumira kwambiri posachita kanthu.

*

Mu Januwale 2018 kudatulukira Meltdown ndi Spectre, mabowo a m'mapurosesa amene akuba angasuzumirepo zinsinsi. Akatswiri adasowa tulo powatseka ndi zigamba, koma zigambazo zidachedwetsako makina. Madandaulo atachuluka, mu 2019 kudabwera mawu amodzi ochotsera zigamba zonse zotheka kuchotsa: mitigations=off. M'fayilo ya kernel-parameters.txt adalemba momveka kuti liwiro likwera ndithu, koma mabowo angatsegukenso. Mawu ochotserawo adafalikira msanga kwa okonda liwiro. Chenjezolo lidakali m'fayilomo, kudikira woliwerenga.