Mlandu wa Avogadro

Inu amene mumadandaula kuti akuchepetserani shuga mu tiyi, tamverani masamu a kemisitiri. Kasipuni ka shuga kamalemera pafupifupi magalamu 4, pomwe mole imodzi ya shuga wa nzimbe imalemera magalamu 342. Gawani 4 ndi 342, mupeza mole pafupifupi 0.012. Zochepa, eti? Musathamange. Mu mole iliyonse mumakhala timamolekyu 6.022 × 10²³. Mukachulukitsa, kasipuni kaja kali ndi timamolekyu 7 wotsatana ndi maziro 21. Anthu 8 biliyoni a padziko lapansi atati agawane, aliyense angapite kwawo ndi timamolekyu toposa 800 biliyoni, koma lilime lake osamva ndi kutsekemera komwe.

Womvetsa chisoni pankhaniyi ndi bambo Amedeo Avogadro a ku Turin, m'dziko la Italy. Anamwalira mu 1856 asanaione n'komwe nambala ija ya 6.022 × 10²³, imene lero imadziwika ndi dzina lawo. Anaipachika dzinalo ndi Jean Perrin wa ku France mu 1909, eti pofuna kuwalemekeza. Chiyambireni, ana asukulu amang'ung'udza dzina la mkuluyu m'chipinda cha mayeso, kumutemberera pa mlandu umene sanapalamule.